Mphotho ya Ngolo ya Mchere

Ntchito yanga pa kakampani kathu ku Brisbane inali yoyeza mphotho. Gemu yathu, Zigwa za Mchere, anthu amaisewera pa intaneti, aliyense ndi kamunthu kake kamene amakakuza pang'onopang'ono. Gemu imakutuma ntchito, ukaimaliza imakupatsa mapointi, ndipo mapointi akachuluka kamunthu kako kamakwera sitepe n'kuwonjezera mphamvu. Ine ndinali woonetsetsa kuti thukuta ndi mphotho zikulingana.

Ndiye panali kantchito kena kopusa: kuperekeza ngolo ya mchere kuchoka kudoko kukafika kumsika. Mphindi khumi basi, ng'ombe ikuyenda yokha, iwe uli phee ukumwa tiyi. Munthu wina amene anachoka kale pakampani anakaikira mapointi 9,000. Chonsecho kupha chinjoka cha kuphanga, ntchito yofuna anthu makumi awiri ndi maola atatu, kunkapereka 12,000. Angavutike ndi chinjoka ndani? Anthu zikwizikwi ankangolondola ng'ombe tsiku lonse ngati akuperekeza maliro, ndipo wobwera dzulodzuloli ankafika pa sitepe yomaliza m'masabata awiri. Zinkandinyansa. Ndinachotsa ziro imodzi, mphotho inatsala 900.

Bwana wathu Dermot ali ndi lamulo limene amalinyadira kuposa ndevu zake. Aliyense wosintha kanthu mu gemu amalemba dzina lake lonse pansi pa chilengezo chopita kwa osewera.

"Kuno sitibisala kuseri kwa chikwangwani cha kampani, aise," amatero. "Wasintha ndiwe, uwayang'anenso m'maso ndiwe."

Choncho Lachiwiri m'mawa chilengezo chinatuluka, pansi pake palembedwa Kirrily Vassallo.

Kutukwanidwa ndinkakuyembekezera. Losaline, mnzanga wa desiki yoyandikana nane, amene amayang'anira za malo ndi zomangamanga mu gemu, ankandiwerengera mauthenga mokweza uku akudya chinangwa chake cha m'kontena.

"Uyu akuti mutu wako ndi dzungu. Uyu akuti masamu unaphunzira kwa mbuzi. Uyu akuti amayi ako... ayi sisi, uyu timusiye, sanaleredwe."

Tinaseka mpaka misozi. Koma Lachisanu kutukwana kunaleka, kunangoti zii, ndipo ine wopusa ndinaganiza kuti atopa.

Lolemba m'mawa Losaline anandiitana osaseka. "Tabwera uone ichi."

Mu gemu muli chigwa chimene aliyense amaloledwa kumangapo. Pakati pake panali nyumba yatsopano yamatabwa, yokhala pamizati, khonde lozungulira, mtengo wa mango kumanzere. Timaanthu mazanamazana tinali titaizungulira, tonse titayang'ana kukhomo. Palibe amene ankayenda kapena kulemba mawu.

"Nyumba zotere zadzaza Brisbane yense," ndinatero.

"Zoona. Koma geti lako ndi la mtundu wanji?"

Geti la nyumbayo linali lobiriwira. Langa ndinali nditalipenta lobiriwira masabata atatu okha apitawo, ndipo zithunzi za misewu za pa intaneti zinkalionetsabe loyera. Munthu anali ataima pamsewu wanga n'kuliona ndi maso ake. Ndinachita mantha enieni.

"Igwetseni nyumbayo!" anakuwa Dermot. "Amene wamanga, mutsekereni kunja mpaka kalekale."

"Titsekera ndani, bwana?" anafunsa Losaline. "Amanga anthu 1,400, aliyense thabwa limodzi. Sanatukwane, sanatchule dzina la munthu. Wokhoma thabwa limodzi waphwanya lamulo liti?"

Anaigwetsabe. Pobwera kokadya nkhomaliro tinaipeza itaimanso, ndipo panja pa geti anali atawonjezera bini ya zinyalala ya chivindikiro chachikasu. Bini yoteroyo ndinali nditaitulutsa m'mawa womwewo, ndikuthamangira basi.

Dermot anakanena kupolisi, apolisi anatenga umboni wonse umene tinali nawo n'kundilangiza kuti ndiyambe ndakhala kwina. Kunena n'kosavuta. M'nyumbamo ndimakhala ndi bambo anga, a zaka 81, ndipo miyendo yawo inakana kalekale. Tsiku lonse amakhala pampando pakhonde, chipewa kumutu, kupereka moni kwa aliyense wodutsa, ngakhale galu.

Lachitatu pakhonde la nyumba ya mu gemu panaoneka mpando. Pampandopo panakhala kamunthu kovala chipewa.

Ndinasiya ntchito pomwepo, ndinakwera takisi. Ndinawapeza ali pamalo pawo, akupunga mphepo ndi nyuzipepala.

"Ababa, pabwera munthu pano?"

"Munthu? Anthu amadutsa, mwanawe, uwu ndi msewu. Koma dzulo panaima bambo wina waulemu kwabasi. Anafunsa ngati mango ayamba kupsa. Ndinamuuza athyole awiri."

"Analowa mkati mwa geti?"

"Nanga akanathyola ali kunja? Anakufunsanso iwe. Akuti umagwira ntchito yabwino."

Ndinawapempha kuti tichoke kwa masiku ochepa. Anakana. Anati nyumbayi sanaithawe pa madzi osefukira kawiri konse, ndiye aithawe chifukwa cha zidole?

Lachinayi ndinalowa mu ofesi ya Dermot osagogoda.

"Tibwezere mphotho ija."

"Nambala yako ndi yolakwika?"

"Ndi yolondola."

"Ndaona ndekha, anthu ayambanso kupita kuphanga. Gemu yadzuka, aise! Limba mtima, pakatha sabata aiwala."

"Inu mukulimba mtima chifukwa pakhondepo si bambo anu."

Anangokanda ndevu. Chimene anachita n'kuuza Losaline kuti akonze lamulo latsopano, loti nyumba imodzi isamamangidwe ndi anthu oposa khumi, lidzayambe Lachiwiri. Chilengezo chinatuluka madzulo omwewo, pansi pake palembedwa Losaline Fifita. Iye sanadandaule n'komwe.

"Tenga adadiwo mubwere kwathu ku Logan," anandiuza. "Tilipo kale asanu ndi atatu, awiri sangatipanikize. Azichimwene anga akakhala pakhonde, palibe angafunse za mango."

Ndinamuthokoza, koma ndinkadziwa kuti bambo sangasunthe.

Kusintha kulikonse kwathu kumafuna anthu awiri ovomereza. Koma pali kanjira kena ka pangozi, kogwiritsa ntchito gemu ikawonongeka mwadzidzidzi. Kameneko munthu mmodzi amakwanira, ndipo sipatuluka chilengezo. Lachisanu cha m'ma 4 koloko anzanga onse anatsikira kubala kukamwa mowa wotsekera sabata. Kunja mitambo inali itada bii, mphepo ya mvula ikukankha mawindo. Ndinatsala ndekha, ndinayang'ana kamunthu ka chipewa kaja, kenako ndinatsegula kanjirako n'kubwezera ziro.

Sipanathe mphindi makumi awiri, msewu wa kudoko unadzaza ngolo. Palibe amene analemba zikomo kapena kundiseka. Loweruka ndinaonerera pa foni akugumula nyumba ija mwadongosolo, aliyense kubwera kudzatenga thabwa lake. Mpando unachoka pomaliza. Ndinena zoona, ndinasangalala. Ndinawaphikira bambo nsomba, tinadyera pakhonde, ndipo ndinagona tulo tokoma kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo.

Lolemba ndinafika mochedwa pang'ono. Losaline anali ataima, chikwama chikadali paphewa, maso ali pa kompyuta. Iye Loweruka ndi Lamulungu sagwira foni, amakhala kutchalitchi tsiku lonse, choncho za ngolo anali asanamve.

Pamalo pamene panali nyumba yanga panali ina. Iyi inali yanjerwa, yaifupi, ya denga lofiira. Pambali pake anaimika minibasi yoyera, kumbuyo anamanga chingwe choyanikira zovala. Timaanthu tinali pamzere wautali kufika kuseri kwa phiri, aliyense atanyamula njerwa yake, ndipo ulendo uno ankamanga mwachangu, ngati anthu odziwa ntchito yawo.

"Ndi kwathu," anatero Losaline motsitsa mawu. "Mpaka minibasi ya mpingo."

Wina anafika n'kuika kanjinga pa kapinga. Wina anaika kachiwiri. Losaline ali ndi ana atatu.

"Sindikumvetsa, sisi. Kwa iwe sanaphule kanthu, anangotopa n'kugumula okha. Ndiye akuvutikiranji ndi ine?"

Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuyeza mphotho, ndipo chinthu choyamba chimene aliyense wa ntchito yathu amaphunzira n'chakuti osewera akaona ntchito yopereka bwino, amaibwereza mpaka itatha. Ine ndinali nditawaikira ntchito yatsopano, yoopseza wolemba dzina pa chilengezo, ya sabata imodzi yokha, yopereka chilichonse chimene afuna.

Chitseko cha ofesi ya Dermot chinatseguka. Anatuluka atagwira pepala, nkhope ili gwa.

"Lachisanu, 4 koloko, wina anadutsira njira ya pangozi," anatero. Sanati aise. "Ngolo ikuperekanso 9,000."

Losaline sanamuyang'ane. Maso ake anali pa kompyuta, pamene kamunthu kena kankaika kanjinga kachitatu, kakang'ono kwambiri, ka timatayala tothandizira m'mbali. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana.

"Kirrily," anatero. "Unawapatsa chiyani kuti akusiye?"