Chitseko Chopanda Chogwirira Mkati

Shawna Pruitt anasunga chakukhosi zaka khumi ndi zinayi, ndipo sankachita nacho manyazi ayi. Ankachidyetsa m'mawa uliwonse monga ankadyetsera mahatchi a pa Famu.

Famuyo inali kumapiri a ku Montana, sukulu yogonera komweko ya ana amene makolo atopa nawo: othawa sukulu, osuta, odzicheka, ongokhala duu osayankhula. Mwana sankangofika kumeneko. Ankatumizidwa ndi mlangizi, munthu wamapepala amene makolo amamupeza kuti acheze ndi mwanayo, kenako alembe kalata yonena koyenera kumupititsa. Amene anatumiza Shawna, ali ndi zaka khumi ndi zisanu, anali Dokotala Merrill Haskins. Anacheza naye mphindi makumi anayi basi, maso ali pa wotchi, kukamwa kukutafuna mtedza wa m'kapaketi. Atatero anauza mayi ake kuti, "Malo amenewo ndinawaona ndi maso angawa. Ngakhale mwana wanga wobereka ndekha ndikhoza kumutumizako."

Bodza lamkunkhuniza! Inde, alangizi ankabwera kawiri pachaka kudzayendera, koma njira yawo inali imodzimodzi: kukhola la mahatchi, kulaibulale, kenako kuchipinda chodyera komwe ankawadikira ndi nyama yootcha ndi khofi. Ponyamuka ankawaveka zipewa za mphatso. Kuseri kwa nyumba yochapira sankafikako, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anafunsapo kuti kuli chiyani.

Shawna ankakudziwa. Kunali kachipinda ka simenti kotchedwa Chipinda cha Bata, kagalasi kamodzi pachitseko, chogwirira chili kunja kokha. Lamulo lake linali lophweka: ukhale pansi kuyang'ana khoma ola limodzi osatulutsa mawu. Ukayankhula, ola liyambiranso. Ukalira, liyambiranso. Shawna anali wamkamwa, ndiye ola lake limodzi linatha masiku khumi ndi asanu ndi anayi.

Atakula anabwerera komweko kudzafunsira ntchito yosamala mahatchi. Akuluakulu anali atasintha, palibe anamuzindikira. Anawola ndowe zaka zitatu, akumwetulira alangizi, akuwatsegulira mageti. Kawiri konse a Haskins anamupatsa jekete kuti awagwirire. Iye ankangoti mumtima, mlandu suwola, bambo.

Tsiku linadza lokha. M'mwezi wa Febuluwale mkulu wa sukuluyo, Mayi Beck, anaterereka pa ayezi n'kuthyoka kakolo, ndipo anaimba foni ali kuchipatala.

"Shawna, alendo a lero uwayendetse ndiwe. Njira ukuidziwa. Mahatchi, mabuku, chakudya. Usawonjezepo zako."

"Musadandaule, mayi. Ndiwaonetsa bwinobwino."

A Haskins anafika atakalamba ndithu koma mawu ali omwe aja, ofewa ngati batala. Anabwera ndi Bambo ndi Mayi Lindqvist, makolo a mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu amene anasiya kudya ndi kupita kusukulu chimwalirire mchimwene wake. Fomu inali m'chikwama cha mayiyo. Akasaina pambuyo pa nkhomaliro, Lolemba mwanayo adzabwera naye.

Kukhola kuja mayiyo anasisita mphuno ya hatchi, misozi ili lengelenge. "Kodi ana amawasamala ndithu kuno?"

"Mayi, ndayenda pano zaka makumi awiri," anatero a Haskins. "Palibe ngodya yomwe sindikuidziwa."

Shawna anatembenukira kwa iwo. "Ndiye Chipinda cha Bata mukuchidziwa, adokotala?"

"Ee, kwambiri. Malo opumulirako mwana akakwiya. Abwino zedi."

"Tiyeni tikawaonetse makolowa."

Akanakana bwanji pamaso pa anthu awo? Anatsatira, nsapato zawo zamtauni zikumira m'chipale chofewa. Kuseri kwa nyumba yochapira Shawna anatsegula chitseko chachitsulo chija. Munatuluka fungo la mkodzo ndi mankhwala okolopera. Pakhoma panali timizere tokanda ndi zikhadabo.

"Lowani, adokotala. Muwauze mmene mumakomera."

A Haskins analowa masitepe awiri, akuseka chiseko chouma. Shawna anakankha chitseko, kuti phaa! Ha, kukoma kwake kwa phokoso limenelo ukakhala kunja! Zaka zonsezi ankangolimvera mkati.

"Chabwino, chemwali, taona. Tsegulani."

"Lamulo la muno ndi ola limodzi, kuyang'ana khoma, osayankhula. Mwayankhula kale, ndiye tayambiranso."

"Iwe! Ndati tsegula!"

"Tayambiranso."

Bambo Lindqvist anatambasula dzanja kuti agwire chogwirira, koma Shawna anaima patsogolo pake. "Bambo, ndipatseni mphindi zisanu. Mwana wanu akuti adzakhale pasukulu pano miyezi khumi ndi iwiri. Zisanu zokha mukulephera kupirira?"

Bamboyo anabweza dzanja.

Mkati a Haskins anayamba kumenya chitseko. Anaopseza za apolisi, za maloya, za ntchito ya Shawna. Nkhope yawo inadzaza kagalasi kaja, yofiira, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali chisanu choluma. Shawna sanamve chisoni ngakhale pang'ono, ndipo sanafune n'komwe kuchimva.

"Ndikuchitirani chifundo chomwe ine sanandichitire," anatero. "Munanditumiza kuno ndinu. Tchulani dzina langa, nditsegula pompano."

Maso aja anamuyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kuchibwano.

"Kayla... Kayla Brandt?"

"Ayi."

"Amber! Ndiwe Amber wa ku Spokane uja."

"Amber anali wakuda tsitsi, ndipo anamwalira ali ndi zaka makumi awiri. Yesaninso."

Anayesa. Megan, Destiny, Rochelle, Paige, Carly wina, Carly winanso. Mayina ankangokhuthuka ngati mbatata m'thumba lobooka, ndipo lililonse anali mwana wa munthu amene anagonapo pa simenti yomweyo. Ena Shawna ankawadziwa, ankawamva akulira kudzera m'khoma. Dzina lake silinatuluke. Iye ankaganiza kuti zimenezi zimukondweretsa, koma zinamubaya pamtima. Zaka khumi ndi zinayi akudzuka ndi munthu ameneyu m'mutu, pomwe mwini wake sanamusunge ngakhale pa nsonga ya lilime.

Kumtunda kunamveka kufuula. Alonda awiri anali kutsetsereka kuchokera ku ofesi, makiyi akulira m'chiuno. Ntchito yatha, mwinanso lero agona kupolisi. Shawna anapumira m'mwamba n'kugwira chogwirira kuti atsegule yekha.

Dzanja lozizira linamugwira pamkono. Anali Mayi Lindqvist.

"Dikirani kaye, chemwali."

Mayiyo anasendera pakagalasi, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Mawu awo anali otsika.

"Adokotala, munakhala pabalaza panga Lachinayi lapitali. Munamwa khofi wanga. Munacheza ndi mwana wanga, munalemba masamba asanu onena za iye. Dzina lake ndani?"

A Haskins anatsegula pakamwa. Dzanja lawo linapita m'thumba la jekete momwe munkakhala kabuku kawo, koma kabukuko kanali katatsala m'galimoto.

"Mayi Lindqvist, mvetsani, ndimaona ana ambiri pa sabata..."

"Dzina lake."

"Limayamba ndi... dikirani, lili pafupi..."

Alonda anafika akupuma wefuwefu. Wamkuluyo analamula kuti achoke pachitseko msanga. Mayi Lindqvist sanasunthe. Anatsamira chitsekocho ndi msana wawo wonse, amuna awo n'kuima pambali pawo.

"Asiyeni," anatero mayiyo. "Ayankhula. Ola lawo layambiranso."