Mphezi Khumi za ku Vubwi

Emelia anawerenga kachitatu, chala chili pagalasi la foni. Wosewera uja anaponyadi mphezi khumi motsatizana osapuma, ndipo m'gemu yawo zimenezi zinali zosatheka.

Ankadziwa bwino chifukwa manambalawo anaika ndi iye mwini. Gemuyo, Phiri la Nkhungu, anaipanga Mthunzi, bwenzi lake, m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yake yokonzera mafoni pafupi ndi msika wa Katete. Ntchito yoyeza kuti wosewera wina asapose anzake anaisiyira Emelia, mphunzitsi wa masamu ku pulayimale. Aliyense amalowa kunkhondo ndi mphamvu zana. Mphezi imodzi imadya makumi anayi. Ukavala mkanda mtengo wake umatsika ndi zisanu, ukaonjezera chibangili zisanu zina, basi. Wovala zonse amaponya katatu, kenako n'kuthawira m'nkhungu kudikira kuti mphamvu zibwerere. Emelia ankakonda kubisalako kuposa nkhondo yeniyeniyo.

Lachitatu ataweruka kusukulu anapita kushopu.

"Wa mphezi khumiyu ndani?" anafunsa.

"Akulemba kuti Abigail wa ku Vubwi," anatero Mthunzi. "Anthu akudandaula, ena ayamba kusiya kusewera. Ndafufuza koma sindikupeza polakwika."

"Ukumudziwa?"

"Osewera mazana atatu ndingawadziwe onse?"

"Ku Vubwi unapita mwezi watha."

"Kukakonza makompyuta akusukulu. Si iwe unandiperekeza pasiteji, madamu?"

Mthunzi anaseka, koma Emelia atasendera pafupi, iye anatseka laputopu mofulumira. Kunja kunaitana kasitomala ndipo Mthunzi anatuluka. Emelia anamvetsera mpaka atayamba kukangana za batire, ndiye anatsegula laputopu ija. Pansi penipeni pa mndandanda wa zovala za m'gemu panali chinthu chimene iye sanachionepo. Mphete. Yotsitsa mtengo ndi khumi. Pambali pake panalembedwa kuti: ya munthu mmodzi yekha, Emelia asaone.

Anatseka pang'onopang'ono. Loweruka la sabata yamawa amalume a Mthunzi anayenera kufika kwawo kwa Emelia ku Mkaika kudzafunsira mbeta, ndipo amayi ake anali atazira kale khonde.

"Uwauze amalume ako adikire kaye," anatero akudutsa pakhomo.

"Adikire chiyani?"

Emelia sanacheuke.

Loweruka m'mawa anakwera minibasi ya ku Chipata osauza munthu, kumeneko n'kupeza galimoto yopita ku Vubwi. Pagulu la osewera Abigail anali ataikapo chithunzi cha shopu yake ya mbewu ndi feteleza, yokhala ndi chitseko chobiriwira. Njira yonse Emelia ankachita masamu pafumbi la pawindo. Mkanda, chibangili ndi mphete imodzi zingatsitse mphezi kufika makumi awiri, ndiye kuponya kasanu kokha. Koma munthu wobisa mphete imodzi akhoza kubisa ziwiri. Mphete ziwiri, mtengo khumi, mphezi khumi. Masamu anagwirizana ndendende, ndipo kwa nthawi yoyamba anadana nawo.

Shopu anaipeza kunja kwa boma, panjira yolowera kumalire. Abigail anali wamtali, wa mano oyera okhala ndi mpata pakati. Emelia ankayembekeza kuti akhala wosaoneka bwino.

"Tikuthandizeni, achemwali?"

"Mbewu ya nshawa," anatero Emelia. "Ndingoona kaye."

Anazungulira matumba, kuwerenga mapepala ake ngati mlimi weniweni, maso ali pafoni imene inali pakauntala. Posakhalitsa inalira kulira kumene iye ndi Mthunzi anasankha limodzi, kuitana kunkhondo. Abigail anaitola, n'kulowa nayo kuseri kosungira katundu. Sipanapite nthawi anabwerera, anakhala pampando n'kuyamba kuponya. Emelia anawerenga chamumtima mpaka khumi.

"Gemu imeneyi nanenso ndimasewera," anatero. "Mphezi zonsezo anakupatsani ndani?"

"Palibe."

"A Mthunzi simuwadziwa?"

"Amene anapanga gemuwa? Ndimayesa ndi mdala wina wa ku Lusaka." Abigail anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zafumbi. "Inu nshawa simukufuna. Mwatumidwa?"

"Ndionetseni zimene mwavala m'gemumo."

Abigail anazengereza, kenako anatembenuza foni. Mkanda ndi chibangili. Pachala panalibe kanthu. Emelia anayang'ananso kawiri, poti mphete yobisika ikhoza kubisikanso pachala.

"Nanga kuseri munapita kukatani?"

Abigail anaseka mwamanyazi. "Musandiulule. Ndinangozindikira kuti ndikapita kukayang'ana matumba n'kubwerera, mphezi zimangotuluka. Ndimati mwina gemuyi imakonda anthu olimbikira ntchito."

"Tiyeni tipitire limodzi. Foni ndigwire ine."

Nkhondo ija itatha, pakauntala mtengo wa mphezi unali utabwerera pa makumi atatu, monga Emelia anaikira. Atangodutsa kachitseko ka kuseri, gemu inaima, kachizindikiro kanazungulira, n'kulowanso. Makumi awiri.

"Apa ndiye yagwira ya Malawi," anatero Abigail. "Ife kuno timakhala ndi malaini awiri. Kutsogolo netiweki ndi ya Zambia, kuseri kuno ndi ya Malawi. Foni imasankha yokha."

Anabwerera kukauntala. Kachizindikiro kanazunguliranso. Khumi.

Emelia anakhala pathumba la feteleza. Nthawi iliyonse foni ikalumpha malire, gemu inkamuveka Abigail mkanda ndi chibangili kachiwiri osavula zoyamba zija. Ku Katete palibe foni imene imalumpha malire, ndiye Mthunzi akanapeza bwanji? Komabe mtima wake sunakhale pansi. Anapempha kulowa ndi dzina lake pafoni yomweyo, n'kuyenda ulendo womwewo. Nayenso anaponya mphezi khumi. Mphete sizinafunike.

Anatuluka n'kuima pakhonde, kumbali ya Zambia, n'kuimba.

"Uli kuti?" anafunsa Mthunzi. "Amayi ako aimba kawiri."

"Ku Vubwi."

Emelia anamufotokozera za malaini awiri ndi kachitseko ka kuseri. Anamuuza kuti gemu izivula kaye zakale isanaveke zatsopano, ndiponso aike malire akuti mphezi isatsike kupitirira makumi atatu, zivute zitani.

"Ukanangomuimbira foni mtsikanayo," anatero Mthunzi. "Ulendo wonsewo?"

"Ndimafuna ndione chala chake." Kenako Emelia anaulula: "Ndinatsegula laputopu yako."

"Ndikudziwa. Unasiya choko pamabatani."

"Ndiye mphete ija ndi ya yani?"

"Ukuganiza kuti ndi ya yani, madamu? Ndimati ndikuveke m'gemumo tsiku lofika amalume. Miyezi iwiri ndikubisa, iwe n'kuipeza pa nthawi yosintha batire."

Emelia anayang'ana mapiri amene sankadziwa ngati ndi a dziko lino kapena lina. Manyazi anamutentha m'makutu, koma masamu sanamuchoke.

"Khumi yachuluka," anatero. "Anthu adzati unakondera mkazi wako, ndipo adzakhala akunena zoona."

"Itsitse zingati ndiye? Zisanu?"

"Isatsitse kanthu. Ingowala. Ndikabisala m'nkhungu uziiona iwe wekha."

Mthunzi anapumira m'mwamba, koma Emelia anamva kuti akumwetulira. "Nanga amalume? Sindinawauze kuti adikire. Ndimaopa."

"Abwere."

Abigail anali ataima pakhomo, manja m'chiuno.

"Ndiye kuti mphezi zanga zatha?"

"Zatsala zitatu, monga wina aliyense."

"Mwabwera kuchokera ku Katete kudzandilanda, osagulako n'kanthu komwe. Lowani musankhe nshawa, achemwali. Yabwino ili kuseri."

Emelia anamutsatira foni ili kukhutu, Mthunzi akufotokoza za malaya amene adzavale Loweruka. Atadutsa kachitseko kaja mawu ake anaduka pakati, ndipo Emelia sanadandaule.