Botolo la Kansalu Kofiira

Herminia anayamba kumukayikira mwamuna wake pamene anasiya kudandaula za chakudya. Eusebio, amene aliyense kum'mwera kwa Tucson ankamutchula kuti Chebo, anali munthu woti ngakhale umuphikire bwanji, apeza ponena: nyemba sizinapse, mchere wachepa, khofi wazizira. Ndiye munthu wotereyu azingodya phee, kupukuta pakamwa n'kunena kuti zikomo? Ayi, pamenepo panali nkhani.

Kenako mabotolo anayamba kusowa. Kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa mtengo wa mesikiti, Herminia anali ndi chitsamba cha chiltepin, katsabola kozungulira ngati mkanda koma kowawa kwadzaoneni. Mvula ikagwa ankathyola kakali kobiriwira, n'kukaviika mu viniga ndi adyo monga ankachitira malemu mayi ake, ndipo pachivindikiro ankamangapo kansalu kofiira. Mbewu ya chitsambacho ndi chinthu chokhacho chimene anapulumutsa kwawo ku Sonora. Mchimwene wake Nazario anagulitsa nyumba ya makolo misozi ya maliro isanaume, ogulawo n'kuzula zonse za pabwalo. Kuyambira nthawi imeneyo dzina la Nazario silinkatchulidwa m'nyumba ya Herminia, ndipo tsabolayo sankapatsa munthu wamba.

"Chebo, mabotolo anga akumera miyendo?" anamufunsa tsiku lina.

"Mabotolo atinso, amayi? Mwina Irene anatenga atabwera."

Herminia anamuimbira foni mwana wawoyo ku Phoenix. Irene anaseka n'kunena kuti tsabola wa amayi ake amamuopa ngati njoka.

Lamlungu m'mawa nazonso zinthu zinasintha. Kale Chebo ankanyamula poto, kukaima pamzere wogula menudo, msuzi uja wa chifu cha ng'ombe ndi chimanga, n'kubwera nawo kuti adyere limodzi akachoka ku Misa. Tsopano ankati akukatsuka galimoto. Ankabwerako dzuwa litakwera, malaya akununkhira anyezi ndi mandimu, galimoto ili mbuu ndi fumbi la dzana. Mwamuna akafuna kunama aziyamba waganiza kaye.

Amparo, mnzake woyandikana naye nyumba, ndi amene anathira mafuta pamoto.

"Ine sindinanene kanthu, amnzanga," anatero atatsamira mpanda. "Koma galimoto ya amuna ako ndimaiona kwa Yolanda. Mwinatu msuzi wake ndi wokoma."

Yolanda anali mayi wamasiye, mwini kalesitilanti kena kufupi ndi njanji, wa tsitsi lopaka mankhwala ofiira, amene mwamuna aliyense wolowa pakhomo pake ankamuitana kuti wokondedwa. Herminia mtima unamupweteka kwambiri. Zoti mwamuna wokalamba angapenge misala ankazidziwa. Koma kutenga tsabola wa amayi ake n'kukakometsera mbale ya mkazi wina, chimenecho ndi chimene chinkamudya m'kati.

Anaganiza zomuyesa. "Bambo a Irene, ndatopa n'kuphika. Tiyeni tizikadyako kunja ngati anthu ena."

Chebo anavomera msanga moti anachita kuonjeza. Anapita naye kokadya nyama yootcha pamakala a mesikiti. Anapita naye kwa Atchaina, kumene anamuitanitsira nsomba yodula ngati ndi tsiku laukwati. Anamugulira ayezi wothira madzi a mango, akudyera m'galimoto chifukwa kunja mphepo inkaotcha ngati yochokera mu uvuni. Koma Herminia akangoti, "Nanga kwa Yolanda?" bamboyo ankatsokomola.

"Kumene kuja makina oziziritsa mpweya anafa. Mungakakomoke."

"Ndiye anthu amadzazako bwanji?"

"Anthu osadziwa kudya."

Lamlungu lotsatira, Chebo atangotuluka ndi chidebe chake chonamizira, Herminia anavala diresi ya kutchalitchi, nakwera basi. Ku Misa sanapite. Anati Mulungu amvetsa, poti nayenso sakonda akuba.

Atatsegula chitseko cha kwa Yolanda, mphepo yozizira bwino inamuwomba kumaso. Makina akufa aja ankagwira ntchito ngati atsopano. Anthu anali pamzere ndi mapoto awo, ana akulira, mbale zikugundana. Kuseri kwa kauntala kunali shelefu imene makasitomala a masiku onse ankasungirapo tsabola wawo, poti kuno munthu aliyense amakhulupirira kuti wa kwawo ndiye weniweni. Pakati pa mabotolo onsewo, kansalu kofiira kanali poonekera.

"Takulandirani, mayi. Muli nokha?" anafunsa Yolanda akumwetulira.

"Botolo ilo mwalitenga kuti?"

"Ili? Amabweretsa a Chebo." Yolanda anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anaphulika kuseka. "Ndinu akunyumba kwawo eti? Mayi inu, nkhope imeneyo musandiphe nayo. Ine ndinangolawako kamodzi, ndinalira mpaka madzulo. Mwini wake wafika kale. Nditsateni."

Herminia anamutsatira. Ndiye kuti panalinso wina? Anali atakonzeka kale ndi mawu, ena oti sangabwerezedwe pamaso pa wansembe.

Patebulo la pakona, Chebo anakhala chofulatira khomo. Moyang'anizana naye munalibe mkazi. Munali nkhalamba yowonda, khosi lili ngati la nkhuku yososola, mutu wopanda tsitsi ukuchita kumira m'chipewa. Herminia sanaidziwe. Anaima kuseri kwa chipilala, akudabwa kuti mwamuna wake wayamba liti kudyetsa anthu a mumsewu ndi tsabola wake.

Yolanda anaika botolo patebulo n'kuchoka. Nkhalambayo inamasula kansalu pang'onopang'ono, nikapinda bwinobwino. Inatapa timatsabola ndi supuni, kenako inanyema kachidutswa ka tortilla, chitumbuwa chopyapyala chija cha tirigu, n'kukulunga nako chala chachikulu. Inaphwanyira tsabolayo m'supuni momwemo ndi chala chokulungacho, kuti ikadzapukuta m'maso asawawe. Itathira mumsuzi, kachidutswa kaja inayamba kudya komweko.

Padziko lonse panali anthu awiri okha amene anaphunzitsidwa kuphwanya tsabola chonchi, ndipo anaphunzira patebulo limodzi, akumenyedwa pamsana pa dzanja akalakwitsa. Herminia anagwira chipilala.

"Nazario."

Chebo anadzidzimuka mpaka kugwetsa supuni. "Amayi, dikirani, ndifotokoze."

"Fotokozani, bambo otsuka galimoto."

"Alamu akudwala," anatero Chebo motsitsa mawu. "Amabwera kuno kuchipatala. Mankhwala ake awapha lilime, chilichonse akuti chikumveka ngati pepala. Anasiyiratu kudya. Tsiku lina anandiimbira n'kuti mwina tsabola wa amayi angamveke. Ndinabweretsa botolo limodzi, anamaliza mbale yonse. Ndikanakuuzani mukanavomera?"

"Sindikanavomera."

"Ndiye mwaona."

Herminia anakwiya moti makutu ankalira. Anakwiyira mwamuna wake chifukwa chomupusitsa, anakwiyira Amparo, anakwiyira ngakhale nsomba yodula ija. Koma kwenikweni anakwiyira munthu amene anamusungira mkwiyo zaka zonsezi, n'kubwera atatha chonchi, wopanda ngakhale mnofu woti mawu n'kubayapo.

"Bola akanakhala Yolanda," anatero Herminia. "Ameneyo ndikanadziwa chomuchita."

Nazario anadzutsa mutu. Maso okha ndi amene anali akadali ake.

"Minia," anamuitana ndi dzina la paubwana, "viniga ukuchulutsa. Amayi sankathira chonchi."

"Kuba mwaba, ndiye muzinyozanso? Manyazi mulibe, achimwene?"

"Manyazi ndili nawo. Njala ndiye yaposa."

Chebo anakoka mpando mwakachetechete. Herminia anauyang'ana kanthawi, kenako anakhala, chikwama ali chigwirire pamiyendo ngati munthu wodikira basi. Botolo linali litatsala pang'ono kutha.

"Wobiriwira watha kunyumba, mwamaliza ndi mlamu wanuyu," anatero. "Wofiira apsa kukayamba kuzizira. Muzadikira."

Nazario anaweramira mbale yake. Herminia anayang'ana mwamuna wake, Chebo n'kuyang'ana pawindo, kumene kunalibe chilichonse choti munthu n'kuyang'ana koma dzuwa ndi magalimoto. Apo ndi pamene anamva zimene palibe anamuuza, zoti mchimwene wake sadzafika nyengo yozizirayo, ndipo mantha anamugwira kuposa aja anabwera nawo.

Mchimwene wake anafuna kutapanso tsabola, koma dzanja linkanjenjemera, viniga n'kutayikira patebulo. Herminia anaika chikwama pansi. Anamulanda supuni, nanyema tortilla, nakulunga chala chake.

"Mawa mubwere kunyumba," anatero akuphwanya tsabola, osamuyang'ana. "Pachitsamba patsala wina wanthete. Muzathyole nokha, mundionetse mmene amayi ankathirira viniga."