Momwe a Kalipentala Anagulitsira Nyumba Yawo

Amene anawachita chipongwe a Kalipentala ndi mlamu wawo, mlongo wake wa malemu akazi awo. Zinachitika chaka chachiwiri chimwalirireni mayiwo, mvula itangokata. Mlamuyo anali munthu amene ankalowa m'nyumbamo osagogoda, n'kukakhala pa mpando wabwino.

Nyumbayo a Kalipentala anaimanga pang'onopang'ono, chipinda chimodzi chaka chino, china ndalama zikapezeka. Njerwa anaika ndi ena, koma denga, mafelemu, mawindo ndi zitseko zonse zinatuluka m'manja mwawo. Nthawi imeneyo malowo anali kumapeto kwa tauni, kopanda wowasirira. Kenako msewu unadzadutsa pakhomo penipeni, n'kuthiridwa phula, ndipo anthu amene kale sankawapatsa moni anayamba kuima pa mpanda n'kumasuzumira ngati atayamo kanthu.

Kugulitsa sankafuna. Koma maso anali atayamba chifunga, mawondo akukana, ndipo tsiku lina anagwa kubafa n'kugona pomwepo mpaka woyandikana nawo nyumba atamva kubuula. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, amene anakwatiwa ku tauni ina, anabwera ndi ukali wa munthu wamantha.

"Ababa, mukufuna ndidzamve kwa anthu kuti mwanunkha m'nyumba muno?"

"Ndikanunkha ndinunkha m'nyumba mwanga."

"Kwathu chipinda chilipo. Gulitsani, ndalamazo zikhale zanu, zamankhwala. Amayi mulibe muno, ababa. Mukulondera makoma."

Mawuwo anawalasa, chifukwa kwa iwo mayiwo analimo. Windo la kukhitchini analiika m'munsi popeza akazi awo anali aafupi ndipo ankakonda kuona msewu akutsuka mbale. Mashelefu onse ankalekeza pa phewa la mayiwo. Munthu wamtali ankagwira ntchito m'khitchinimo chowerama. Komabe, patapita milungu, anavomera.

Mlamu uja atamva, anafika m'mawa ngati waitanidwa. Ntchito yodziwika analibe. Ankapezeka paliponse pamene anthu awiri akugulitsana kanthu, iye n'kuima pakati.

"Za maejenti zisiyeni, alamu, akudyerani. Ine ndilipo. Nyumba ya mlongo wanga ndingaileke igwe m'manja mwa achilendo?"

Anagwirizana mtengo wa mamiliyoni makumi atatu. A Kalipentala anapala thabwa okha, n'kulemba mtengowo ndi penti, n'kulikhoma pa geti.

Iwo sankakhulupirira munthu msanga, ndipo anali ndi njira yawoyawo yoyezera anthu. Wobwera kudzaona nyumba ankamusiya atsogole, iwo ali pambuyo, maso ali pa mmene akugwirira zitseko. Womenyetsa chitseko kapena wochikankha ndi phazi ankamuchotseratu mumtima, ngakhale abwere ndi thumba la ndalama. Zimenezi sankauza munthu. Ankazidziwa ndi a pabanja okha, chifukwa ngakhale mkamwini wawo anamuyeza choncho tsiku limene anabwera koyamba.

Woyamba kubwera ndi ndalama zenizeni anali mwini hadiweya ya pamphambano, bambo wonenepa wa galimoto yaikulu. M'nyumba sanalowe. Anangoyenda m'mbali mwa msewu kuchokera pa ngodya ina ya mpanda kukafika pa ina, akuyeza ndi mapazi.

"Madala, makumi awiri ndi asanu. Lero lomwe."

"Simulowa muone zipinda?"

"Zipinda za chiyani? Ine ndikugula kutsogoloku. Pano pakwana mzere wa mashopu."

"Nanga nyumbayi?"

"Nyumba ndi njerwa, madala. Anyamata anga sachedwa nayo."

A Kalipentala anamuuza kuti geti ndi lomwe analowera lija. Mlungu wotsatira bamboyo anabweranso. Ulendo uno analowa kudzawafuna, foni ili kudzanja lina, makiyi kwina, ndipo chitseko cha pabalaza anachikankha ndi nsapato.

"Chabwino, mwapambana. Makumi atatu, monga munalembera nokha pa thabwa."

"Thabwalo ndinalembera ofuna nyumba. Inu mukufuna bwalo."

"Ukalamba ndi matenda ndithu," anatero bamboyo, n'kutuluka.

Galimoto itanyamuka, mlamu uja anagwira mutu ndi manja awiri.

"Alamu! Munthu wakupatsani zonse osatsitsa ngakhale pang'ono! Kodi mukugulitsa nyumba kapena mukukwatitsa mwana?"

"Sindikuonapo kusiyana."

Mlamuyo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka. "Basi, tifuna mkamwini wamakhalidwe."

Panapita miyezi. Ena ankabwera, kufunsa mtengo, kuliza likhweru n'kumapita. Mwana wawo ankaimba foni pafupipafupi kufunsa ngati agwanso. Ndiye tsiku lina masana mlamu uja anabwera ndi mayi wina wamfupi, wovala diresi lotha utoto. Anati ndi telala, wamasiye, wa ana awiri, ndipo akufuna pokhala ndi ndalama zimene kampani inapereka amuna ake atamwalira.

Mayiyo anavula nsapato pakhonde. Anagwira chogwirira cha chitseko, n'kutsegula pang'onopang'ono, ndipo atalowa anatembenuka n'kuchitseka ndi manja awiri mpaka chitati khe. Kenako anasisita thabwalo ndi chikhatho.

"Amene anapala chitseko ichi analibe changu," anatero. "Masiku ano zoterezi kulibe."

Chipinda chilichonse anachita chimodzimodzi. Atafika kukhitchini anaima pawindo paja n'kuyang'ana kumsewu.

"Koma abale, windo ili ngati anayeza ine! Mayi a m'nyumba muno anali aafupi, eti? Ndiye kuti amuna awo ankawakonda."

A Kalipentala anatuluka panja ngati akukatsokomola. Anakhalako kanthawi.

Za mtengo anakambirana pakhonde. Mayiyo anapinda manja pamiyendo n'kuyang'ana pansi.

"Thabwa ndaliona, bambo. Koma ine zimene ndili nazo ndi khumi ndi asanu ndi atatu."

Mlamu uja anadzuka ngati walumidwa. "Mayi, mwabwera kudzatinyoza? Mukudziwa kuti pano tinabweza munthu wa makumi atatu? Tiyeni, nyamukani, mwatitayitsa nthawi!"

"Khalani pansi, alamu," anatero a Kalipentala. "Musamukalipire mayiyu. Wanena zimene ali nazo."

"Ndiye mupereke ulere?"

"Ndati khalani pansi. Mayi, makumi awiri ndi asanu."

Mayiyo anapukusa mutu mwachisoni. Anati akagulitsa makina amodzi osokera ndi firiji, mwina angafike makumi awiri. Pa nyumbayo sananenepo choipa ngakhale chimodzi, monga achitira ogula ena pofuna kugwetsa mtengo. Zoipazo anayamba kuzitchula ndi a Kalipentala eni ake. Anamuuza kuti kuchipinda chakumbuyo kumadontha mvula ikabwera ndi mphepo, kuti paipi ya kubafa ndi yakale, kuti khoma la kumadzulo lili ndi mng'alu umene anaumata. Ankanena ngati bambo wouza mkamwini kuti mwanayu amadwala mutu, muzimusamala.

"Alamu, mukudzibaya nokha!" anakuwa mlamu uja. "Ine ndasamba m'manja. Osatsika pa makumi awiri ndi asanu, ndikukuletsani pamaso pa mayiyu."

Mayiyo anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Anati achimwene ake angamubwereke awiri ena, koma kupitirira pamenepo ndiye kunama.

A Kalipentala anayang'ana mapazi a mayiyo opanda nsapato pa simenti imene anathira okha.

"Simudzagumula?"

"Ndigumule, ndikagone kuti ndi ana? Makina anga ndiika pabalaza, pafupi ndi windo. Mukadzabwera mudzatipeza, bambo. Mudzamwa tiyi m'khitchini mwanu momwemu."

"Zimenezo zilembedwe pa pepala."

"Zotere sizilembedwa, alamu," anatero mlamu uja, tsopano mofatsa. "Maloya angakusekeni. Munthu akagula wagula. Koma muoneni mayiyu m'maso, nokha muweruze."

Anamuona m'maso ndi maso awo achifungawo, n'kuvomera makumi awiri ndi awiri.

Mlungu womaliza anaugwiritsa ntchito kukonza nyumba ya eni. Anathira mafuta m'mahinjesi onse. Analipira munthu wokwera padenga kuti asinthe lata lodontha lija. Tebulo lalikulu ndi kabati anazisiya, akuti ana a sukulu amafuna polembera. Makiyi anawamanga pa chingwe, iliyonse ndi kachizindikiro kake, n'kumupatsa mayiyo m'manja.

Mwana wawo atamva mtengo anakhala pansi.

"Ababa, mwakana makumi atatu n'kulandira makumi awiri ndi awiri? Chifukwa choti munthu wavula nsapato?"

"Nyumba ya amayi ako ikhala ndi anthu."

"Chabwino, ndi yanu," anatero mwanayo, ndipo sanaitchulenso nkhaniyo.

Kwa mwanayo anawapatsa kachipinda kaukhondo koyang'ana ku mpanda wa njerwa. Ankawasamala bwino, palibe chimene akanadandaula. Koma m'mawa uliwonse akadzuka ankayamba kuyenda m'nyumba mwawo muja ndi maganizo. Ankati, pano mayi uja watsegula windo la kukhitchini. Pano ana avala yunifolomu, akulimbirana bafa. Dzuwa likapendeka ankadziwa kuti tsopano lafika pa tebulo, ndipo makina osokera akulira pabalaza. Nthawi zina ankadzidzimuka kuti anaiwala kumuuza kuti windo la kuchipinda chachikulu limafuna kulinyamula pang'ono potseka. Foni ya mayiyo sinkalowa. Mlamu uja ankati atelala anasintha nambala, koma onse ali bwino, akupereka moni.

Anapempha mkamwini wawo matabwa otsala, n'kupanga kabenchi ka ana awiri, akuyeza ndi zala poti maso sankawathandizanso. Katatha, anakamanga ndi chingwe, n'kukwera basi m'mawa osauza munthu.

Atatsika anayamba apitirira pamalopo, chifukwa mpanda panalibe. Anabwerera. Denga linali litachoka. Makoma akutsogolo anali atagwa, ndipo mkati mwa zipinda munkaoneka kuchokera pamsewu, penti wobiriwira wa pabalaza ali padzuwa. Lole ya ku hadiweya ija inkatsitsa mchenga. Pakati pa antchitowo panaima mlamu uja, atavala chipewa chatsopano, akuloza uku ndi uku.

Woyandikana nawo uja, amene anawatola kubafa, anawaona ali chiimire ndi kabenchi m'manja. Anabwera n'kuwagwira pamkono.

"Achimwene, ndimayesa mukudziwa. Mayi uja sanagonemo ngakhale tsiku limodzi. Ndi mng'ono wawo wa akazi a mwini hadiweya. Amakhala pa kauntala ku shopu yawo ina. Kusoka sadziwa n'komwe."

A Kalipentala anaika kabenchiko pansi n'kuyenda kupita kwa mlamu wawo.

"Alamu! Bwanji osaimba foni kuti mukubwera?"

"Za zitseko anamuuza ndani?"

"Zitseko ziti?"

"Za windo la kukhitchini anamuuza ndani? Iwe, ndikufunsa iwe."

Mlamuyo anayang'ana antchito, n'kutsitsa mawu.

"Alamu, tisachititsane manyazi pa anthu. Munthu anakupatsani makumi atatu, inu munakana. Mumafuna wotseka chitseko bwino, ndinakupezerani. Ndipo pa mtengo ndinkakuletsani ine, mboni ndinu nomwe. Munatsitsa nokha, munasaina nokha."

"Mlongo wako anakulera m'nyumba imeneyi."

"Mlongo wanga ali kumanda, sali mu njerwa. Iwe, mchengawo tsitsira uko!"

A Kalipentala analowa m'mabwinjamo, akuponda zidutswa za pulasitala. Chipinda chawo chogona chinali chikadali ndi makoma awiri. Pa simenti pankaoneka timaenje tinayi pamene miyendo ya bedi inakhala zaka zonse zija. Anaima pakati pake. Chipindacho chinkaoneka chaching'ono kwambiri chopanda denga.

"Madala, tapatukani," anatero wantchito wina atanyamula hamala. "Khoma ili likugwa tsopano."

Anapatuka.

Madzulo ake mkamwini wawo anawapeza pa siteji ya basi ali fumbi lokhalokha. Mlungu wotsatira anatenga mapepala onse kupita nawo kwa loya. Loyayo anawerenga, nati zonse zili m'malo mwake: mayiyo anagula mwalamulo, n'kugulitsanso mwalamulo, ndipo lonjezo la pakamwa silingaimitse munthu kugumula chake.

Mashopu aja anamangidwa. Mlamu uja ndiye amatolera lendi yake. Akakhala ndi ulendo wa ku tauni kumene a Kalipentala akukhala, amapatukira kunyumbako kudzaona mwana wa mlongo wake, ndipo mwanayo, poti ndi amalume ake, amamupatsa mpando ndi madzi akumwa. Amafunsa kuti, "Alamu anga adzuka bwanji? Mawondo ali bwanji?" Za nyumba sanazitchulepo, ndipo sanapepese.