Chokolo cha pa Esiteti

Kapitawo Davie sadavule n'chipewa chomwe. Adaima pakhomo pa Luwiza phazi limodzi lili pa pedulo ya njinga, n'kuponya pepani wake ngati munthu wolavula njere.

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Koma abwana akuti pofika Lachisanu tidziwe mwamuna amene atenge plotiyi. Fodya sadikira maliro."

"Fodyayo ndasoka ndine ndi manja angawa," adatero Luwiza. "Kusankhanso ndikusankha ndine. Kwatsala kudinda mabelo basi."

"Malamulo a pano mukuwadziwa. Mkazi yekha salembedwa ploti, timalemba banja. Pakasowa mwamuna, nyumba timapatsa wina, fodya imamaliza ndi esiteti."

Adapalasa njinga yake napita. Masiku atatu okha chimuikire Maliko kumanda a matenanti kuseri kwa bulugama, phulusa la pa siwa lisanasesedwe n'komwe! Anthu ena manyazi adawasiya m'mimba mwa amayi awo.

Luwiza ndi mwamuna wake Maliko adabwera pa esiteti ya fodya ya ku Kapondo zaka zitatu zapitazo kuchokera kwawo ku Thyolo, pa lole ya esiteti, ndi mphasa, mapoto ndi ana awiri. Wachitatu, Pemphero, adabadwira pompano mu Sepitembala, ndipo anali akadayamwa. Onse awiri, mwamuna ndi mkazi, anali ndi kachilombo ka HIV. Adakayezetsa limodzi, adayamba mankhwala limodzi, napangana kuti nkhaniyi izithera m'nyumba. Pa esiteti imeneyi munthu akangodziwika kuti amamwa ma ARV, chaka chotsatira samulembanso. Sanena chifukwa, amangoti maploti adzaza.

Koma amene ankamuwotcha m'chifuwa Luwiza sadali kapitawo ayi. Anali Maliko mwiniwake. Atadwala mutu sabata ziwiri mpaka khosi kuuma, adamutengera kuchipatala cha ku boma pa ngolo ndi pa minibasi. Kumeneko namwino adamukokera pambali Luwiza.

"Mayi, abambowa anasiya liti mankhwala? Magazi akuonetsa kuti papita miyezi."

Luwiza adakana, adalumbira pali Mulungu. Suja Maliko ankati botolo lake amasunga ku chigafa, kumene amayanika fodya, ndipo amamwa m'mamawa asanagwire tsamba? Atabwerako ndi mtembo adakafufuza chigafa chonse, mzati ndi mzati. Mudalibe botolo, ngakhale chitsekerero chokha. Bodza lokhalokha! Munthu wamkulu, wa ana atatu, wodziwa bwino lomwe chimene chimachitika ukasiya, n'kusiya dala. Pamaliro amayi anzake ankanong'onezana kuti mkaziyu ngouma mtima. Akadadziwa! Iye ankafuna kumudzutsa m'bokosimo, amuwombe mbama, kenako amugonekenso.

Masana a tsiku lomwelo a Jonasi, malume ake a malemu amene adabwera pa basi kuchokera ku Thyolo, adayalitsa mphasa pansi pa mango. Padali Limbani, mng'ono wake wa Maliko, amene amapalasa kabaza ku boda, ndi mkazi wake Sheila, mtsikana wofatsa amene sukulu adalekezera Fomu 2. Luwiza adakhala chapatali, mwana ali pabere.

A Jonasi adayamba ndi kutsokomola, monga amachitira anthu amene nkhani adaimaliza kale asanaitane anzawo.

"Mayi a Pemphero, za kapitawo tamva. Thukuta la mwana wathu la chaka chonse lili m'chigafamo. Tilisiye lidyedwe ndi anthu achabe? Nanga ana awa mupita nawo kuti? Ku Thyolo munda wake uti? Makolo sanali opusa. Munthu akagwa, mng'ono wake amalowa m'nyumba, moto usazime. Limbani alowe chokolo. Lachisanu akalembetse dzina lake, mukhale banja."

Luwiza adayang'ana Limbani. Mwamunayo ankangokumba pansi ndi kamtengo.

"Alamu, inu mwavomera?"

"Anena ndi amalume," adayankha osadzutsa mutu. "Ine ndingatani?"

"Nanga inu, Sheila?"

Sheila adakoka chitenje n'kuphimba mapazi ake.

"Apongozi," adatero Luwiza, "ife ndi a mpingo. Zimenezi abusa sangalole."

"Abusa adzakudyetserani ana?"

"Ndiye angolembetsa dzina, azigona kwawo."

"Ha! Davie ndi mwana? Amayendera nyumba zino mbandakucha, akudziwa amene wagona muno ndi amene sanagone. Ndiponso chokolo cha dzina lokha ndinachionapo kuti? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi. Gwirani chimene chilipo."

Apa mtima wa Luwiza udayamba kukangana wokha. Kukhala chete kudali kosavuta. Denga likadakhalapo, fodya akadagulitsidwa, ana akadadya. Kuchipatala amanena kuti womwa mankhwala mokhulupirika sapatsira mnzake. Koma iye magazi adayezetsa liti komaliza? Chaka chatha, ali ndi pakati. Alowetse mwana wa eni m'nyumba ali m'chimbulimbuli, mawa apite nazo kwa Sheila, kamtsikana koti sikadalakwire munthu? Koma akanena, nyumba za matenanti n'zogundana ngati mano. Mawu olankhulidwa pansi pa mango amenewa dzuwa lisanalowe akhala atafika kwa kapitawo.

A Jonasi adaona ngati kukhala chete kwakeko n'kuvomera, ndipo adawonjeza moto.

"Ndipo tikamaliza izi, tifufuze imfa imeneyi. Mutu wanji wopha mwamuna wamphamvu sabata ziwiri? Fodya wa Maliko anaposa wa onse pano. Alipo amene anamuponda, ndipo sali patali."

Adaloza ndi mlomo nyumba ya a Filomena, mayi wachikulire wa ploti yoyandikana nayo, amene adasiya fodya wake masiku atatu n'kumaphikira anthu a pamaliro. Pamenepo Luwiza chidamukwera. Adachotsa mwana pabere n'kuimirira.

"A Filomena muwasiye! Palibe anamulodza Maliko. Anali ndi kachilombo. Inenso ndili nako. Mwamva? Kapena ndibwereze kuti a kuseriko amve bwino?"

Kuseri kwa nyumba munthu wina amene ankatsuka mbale adaleka. Kamtengo ka Limbani kadagwa. A Jonasi adamuloza chala Luwiza.

"Asa! Ukuti chiyani iwe?"

Ulemu wonse wa "mayi a Pemphero" udathera pomwepo.

"Ndiye wamupha ndiwe! Taonani, anthuni. Iye ali m'manda, uyu ali nenepu, masaya ali phwii. Unabwera nako ndiwe m'banja mwathu, hule iwe!"

"Amalume, chonde," adatero Limbani.

"Khala chete! Ukanalowa m'dzenje ukuona!"

"Wamuchotsa m'dzenjemo ndani?" adakuwa Luwiza. "Si ine? Amene mumamukankhiramo ndinu, ndi imvi zanuzo! Amene anabwera nako sindikumudziwa, ndipo Maliko sanandifunsepo tsiku ndi limodzi lomwe. Koma chimene chamupha ndikuonetsani."

Adapatsira mwana Sheila ngati mtolo, nalowa m'nyumba. Adapisa dzanja m'udzu wa denga, pamwamba pa chitseko, natulutsa jumbo yakuda. Atabwerera adaikhuthulira pamphasa: timabuku tiwiri ta kuchipatala ndi mabotolo awiri oyera, lina lopanda kanthu, lina la mapiritsi ochepa.

"Awa ndi anga. Sindinadumphitse ngakhale tsiku limodzi, mvula kaya dzuwa. N'chifukwa chake ndili ndi masaya amene akukupwetekaniwa. Mphwanuyo ake anataya! Mu Januwale mtsinje utadzaza, kapitawo anati ploti iliyonse achoke munthu mmodzi yekha, fodya akufuna kudulira. Ine ndi khanda sindikanawoloka. Anapita yekha, makilomita makumi awiri ndi asanu, mabukuwa atawamanga pamutu. Anabwera ndi anga awa, a miyezi isanu ndi umodzi. Ake anati ali ku chigafa. Kuchigafako kulibe kanthu! Anasankha yekha kufa, n'kundisiyira ana atatu ndi inu!"

Adaima akupuma ngati wathamanga mtunda.

Sheila, mwana ali pamwendo, adatola kabuku kamodzi. Luwiza sankadziwa kuwerenga, ndipo mabukuwo ankasunga ndi Maliko. Mtsikanayo adatembenuza masamba, natenga kachiwiri, nabwereranso ku koyamba.

"Alamu," adatero motsitsa, "buku lanuli mankhwala omaliza analemba mu Okutobala. A miyezi itatu."

"Werengani bwino. Januwale."

"Pa Januwale alemba kuti mankhwala sanaperekedwe. Akuti mayi woyamwitsa abwere yekha ndi mwana adzayezedwe magazi." Adaloza kabuku kenako. "Za miyezi isanu ndi umodzi zili m'buku la achimwene. Mabotolo awiri."

Sheila adanyamula botolo lopanda kanthu lija. Pambali pake padali banga lakuda, utomoni wa fodya umene umamata m'manja munthu akamadulira, wouma gwa. Luwiza ankaliona tsiku ndi tsiku osalilabadira. M'nyumba ya tenanti n'chiyani chopanda utomoni? Sheila adapala ndi chikhadabo pang'onopang'ono. Pansi pake padatuluka zilembo za cholembera cha buluu, zimene a kuchipatala amalemba popereka mankhwala.

"Maliko," adawerenga Sheila.

Luwiza adakhala pansi pafumbi, pambali pa mphasa. Zinthu zidayamba kubwera zokha m'mutu mwake. Mu Febuluwale Maliko adapita kwa kapitawo kukapempha tsiku loti apite onse awiri kuchipatala, akuti kukakweza mwana sikelo. Adabwerako atakanizidwa: nthawi yothyola sachoka munthu. Mu Malichi adapemphanso, adauzidwa kuti adikire kusoka kuthe. Iye, Luwiza, adamuseka, nati mwana ali bwinobwino, sikelo yachangu n'njachiyani. Maliko adangoti, "Tikadinda mabelo tipita." Ndipo usiku uliwonse asanagone ankafunsa funso limodzi lokhalokha, mpaka kumutopetsa: wamwa?

Mkwiyo sudachoke ayi, udangosintha pokhala. Bwanji osanena? Akadanena, iye akadabereka mwana, akadawoloka mtsinjewo ngakhale madzi afike m'khosi, kapitawo akuwa kaya asakuwe. Akadagawana, akadapempha, akadachita china chilichonse! Koma Maliko ankamudziwa mkazi wake. Ankadziwa kuti akanena, mkaziyo akana kumwa, ndipo mwana ali pabere.

A Jonasi adavula chipewa chawo n'kuchiika pabondo. Adayang'ana mwanayo, wonenepa, akusewera ndi mkanda wa Sheila.

"Mayi a Pemphero," adayamba.

"Musandiitane," adatero Luwiza. "Mwanditchula kale dzina lina. Likhale lomwelo mpaka mukakwere basi."

Nkhalambayo idaweramitsa mutu.

Limbani adapukuta kumaso ndi malaya. "M'nyumba ya achimwene sindilowa, amalume. Jeke yodindira fodya ndibwera kudzagwira, mabelo tidinde. Koma chitseko icho ayi."

"Nanga Lachisanu?" adafunsa a Jonasi, mawu atachepa.

"Lachisanu ndi la Davie," adatero Luwiza. "Mawa ndi langa. Ndikupita kuchipatala ndi mwanayu, ndipo sindikapempha chilolezo kwa munthu. Akafuna kundilanda nyumba ndi fodya, adzandilande masana, anthu onse akuona, ndidzawauze chimene masiku awiri amene anakaniza aja anagula."

Kuseri kuja mbale zidayambanso kulira. Nkhani idali itanyamuka kale, ndipo aliyense pamphasapo ankadziwa kuti chaka chamawa dzina la nyumba iyi silidzalembedwa.

Sheila adatola botolo lachiwiri, la mapiritsi lija, naika chikhadabo pa banga lake kuti apalenso.

"Ilo musapale."

Luwiza adatambasula dzanja, ndipo Sheila adampatsa. Pa botolo ili utomoni sudapakidwe mothamanga ngati pa linzake. Maliko adachita kudinda ndi chala chachikulu, mwamphamvu, pamwamba penipeni pa dzina lake, mpaka timizere ta chalacho tidatsalira, ndi kachipsera ka chikwanje kodutsa pakati. Luwiza adapukuta dzanja lake pachitenje, naika chala chake pamenepo. Cha Maliko chidali chachikulu, chidatsalira mbali zonse.