Gemu ya Makumi Atatu ya Mlongoti

Kontrakiti ya Mlongoti, wosewera wamtali kuposa onse m'timu yathu ya basiketibo, inali ndi mzere umodzi wovuta: akasewera magemu makumi atatu, timu imusunga chaka china pa malipiro omwewo. Anali atasewera makumi awiri ndi asanu ndi anayi. Panatsala gemu imodzi yokha, yotsiriza ya chaka.

M'mawa wa tsiku la gemuyo, mwini timu anandiitanira mu ofesi mwake. Munthuyu chibadwire sanaponyepo mpira mudengu, koma mtengo wa bondo la munthu amaudziwa.

"Akochi, Mlongoti asalowe lero," anatero. "Malipiro ake ndigula nawo anyamata awiri othamanga."

"Bwana, anyamata awiriwo adzatola mipira ingati pansi pa dengu? Munthu uyu watinyamula zaka zisanu ndi zitatu."

"Ndimalipira za mawa, osati za dzulo. Ndinayesa kumusinthanitsa, matimu onse akuti bondo lake latha. Paja kontrakiti yanunso ikutha mwezi uno, eti?"

Ndinangotuluka. Ndili ndi ana atatu kusukulu.

Gemu inatikomera. Tinatsogola ndi mapointi khumi ndi asanu, ndipo Mlongoti anakhala pabenchi osandifunsa kanthu. Ankangomanga zingwe za nsapato, kumasula, kumanganso. Mkazi wake anali kumbuyo kwathu, maso ali pa ine. Mwini timu naye anali pamwamba, manja atapinda.

Patatsala masekondi makumi awiri, manyazi anandigonjetsa.

"Mlongoti, vula jekete!"

Anathamangira ku tebulo la olemba zigoli n'kugwada pamenepo kudikira. Mu basiketibo munthu salowa mpira uli mkati, amadikira wezulo. Tsono mpira unali ndi timu yomwe tinkasewera nayo, ndipo iwo anachita zimene timu yaulemu imachita ikaona kuti yagonja: wosewera wawo anaima pakati pa bwalo, n'kumangogunditsa mpira pansi kuti nthawi ithe. Anyamata anga nawonso anasiya kumulonda, ena anali atayamba kale kupatsana manja.

Njira inalipo, ndipo kochi aliyense amaidziwa. Ndikanakuwa kuti, "Mugwireni!" mnyamata wanga mmodzi akanachita faulo, wezulo ikanalira, Mlongoti akanaponda bwalo. Sekondi imodzi inali yokwanira.

Masekondi khumi. Asanu ndi anayi. Ndinayang'ana pamwamba, ndinapeza bwana ataimirira. Kaputeni wathu anatembenuka kundiyang'ana, manja atatambasula, kufunsa. Ine ndinawerama ngati ndagwetsa cholembera.

Belu linalira.

Mlongoti anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo lija. Ndinkafuna anditukwane, mwinanso andimenye pamaso pa anthu onse. Iye anabwera n'kundigwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

"Zikomo, akochi," anatero. "Inu nokha ndi amene munayesetsa."