Chipsera cha a Ngozo

A Goliati Ngozo a ku Tsangano anali atalengeza pamsika ponse kuti akabwerako kuchipatala ndi timabowo titatu tokha, tonga poluma nkhupakupa. Munthu ameneyu anakumbako golide ku Joni, anayendetsako thirakitala ku Zimbabwe, ndipo atabwerera kwawo anadzimangira yekha chigayo. Koma chimene ankanyadira koposa inali mimba yawo, yosalala ndi yonyezimira, imene ankaitsogoza chaka ndi chaka povina ngoma atavula malaya.

"Masiku ano sang'amba munthu ngati mbuzi," ankatero. "Amangolowetsa kamera, n'kuzula ndulu yamiyalayo, basi."

Dokotala Selestina anawachenjeza kuti zikavuta m'katimo adzatsegula mimba. Iwo anangogwedeza mutu, pakamwa ali kalikiliki kusimba za ku Joni.

Atatsitsimuka opaleshoni itatha, anapapasa pamimba, napeza bandeji yaitali m'munsi mwa nthiti. Anatembenukira kukhoma.

Dokotala anabwera nakhala pampando, pafupi ndi Tikondwe, mwana wa a Ngozo, amene amapanga masitayilo a zovala ku Lilongwe.

"Bambo, ndulu yanu inamatirira ku matumbo," anatero dokotala. "Kamera sinkaonetsa bwino podula. Ndikanapitiriza mongoganizira, ndikanakuvulazani. Ndiye ndinatsegula kuti ndione ndi maso."

"Ndiye kuti munalephera," anatero a Ngozo, akuyang'anabe khoma.

"Njira yoyambayo inakanika, inde. Sindikubisirani."

"Nanga ndikavina bwanji ndi msewu wa M1 pamimba?"

Tikondwe anabisa kuseka. "Adokotala, chilondachi chadutsa pati? Ndingawasokere lamba wachikopa wotambalala."

Dokotala analemba mzere ndi chala pamimba pake. "Apa. Koma chikopa chouma chidzawakhula."

"Ndiika nsalu yofewa m'kati, mfundo ikhale kutsogolo."

"Ayi, mfundo isagone pachipsera."

"Ndiye kumsana?"

A Ngozo anapirira, napirira, koma zinawakanika. Anatembenuka pang'onopang'ono akubuula.

"Kumsana? Ndikangoponda pansi kamodzi idzamasuka! Inu simunalumikizepo lamba wa chigayo. Mangani m'mbali, kumanzere, kumene kumakhala chishango."

Anakambirana atatuwo mpaka nesi anabwera kudzawaletsa phokoso.

Nyengo ya ngoma itafika, chilonda chinali chitapola. A Ngozo analowa m'bwalo atamanga lamba uja, ndipo nthaka ya Ntcheu inawamva. Popuma, a Fyson, mnzawo wa ku migodi, anawayandikira akumwetulira.

"A Ngozo, timabowo titatu tija tili kuti? Kapena tathawira pansi pa chikopachi?"

Amuna onse anatchera khutu. A Ngozo anayang'ana lambayo, nayang'ana a Fyson. Kenako anamasula mfundo ija, natulutsa mimba padzuwa.

"Timabowo n'ta anthu wamba, Fyson iwe. Ine kamera inalowa, inaona za m'katimu, n'kubwerera yokha. Dokotala anachita kutsegula chitseko chonse, ndipo anandiuza pamaso, osati zonong'ona. Taona kusoka kwake! Ngakhale ku Joni sindinakuonepo."

Anaponyera Tikondwe lambayo, nanyamula chishango.

"Ababa! Ntchito yanga yonse ija?"

"Sunga, mwanawe. Udzampatse Fyson akadzapita kuchipatala ndi chophuka chakecho."